Ma like sagula bokosi: tiwerenge phindu la page ya gulu lathu

Amayi ndi abambo a m'misika, ambiri munapempha kuti tiike pano mawu amene mlembi wa gulu lina la ogulitsa pa msika analankhula pamene makomiti a timagulu ta ku Petauke ndi ku Nyimba anakumana. Ndi aatali, koma werengani mpaka kumapeto, ndipo muwawerengereko anzanu a pa thebulo amene alibe foni ya intaneti.

Zikomo a Chair. Ndipereke ulemu kwa makolo athu amene muli pano, azimayi a m'komiti, azibambo, ndi inu achinyamata amene mwakhala kumbuyo uko mafoni ali m'manja. Anzathu a ku Nyimba, mwalawira mamawa kukwera motoka pa Great East Road, nthochi mwasiyira ana. Zikomo ngako. Muli tyani nonse?

Nkhani imene mwandipatsa ndi ya ndalama, ndiye sindizungulira. Pafupifupi gulu lililonse pano, kaya ndi la maliro, la chilimba, la village banking kapena losamalira ana amasiye, manje lili ndi page pa Facebook kapena group pa WhatsApp. Mwezi ndi mwezi timatapa m'thumba la gulu kugula bundle. Ndalama imeneyo sinagwe kumwamba. Ndi ya mayi amene wakhala padzuwa tsiku lonse kugulitsa milu ya tomato, ndi ya bambo amene wakankha wilibala kuyambira m'mawa. Funso ndi lakuti: ndalama imeneyi ikubweza chiyani?

Funso limeneli silinayambe ndi ine. Pa msonkhano wathu wina, titawerenga ripoti ndi kunyadira kuti otitsatira pa page achuluka, agogo ena ogulitsa nshawa anakweza dzanja. Anati, "A secretary, ma like amene mukunenawo, munthu akamwalira tingapite nawo kwa kalipentala?" Anthu anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinalibe yankho. Ndinapita kunyumba ndi funso limenelo, ndipo zimene ndikambe lero ndi yankho limene ndinachedwa nalo.

Tiyambe ndi zimene tonse tidziwa. Inu a ku Nyimba, basi yochokera ku Lusaka ikaima, anthu onse a m'basi amaziona nthochi zanu pa windo. Ena amamwetulira. Ena amafunsa kuti "zingati?" Ena amazigwira, kuzitembenuza, ndi kuzibweza. Ochepa chabe ndi amene amatulutsa ndalama. Ndipo pa ochepawo pali mmodzi kapena awiri amene ulendo wina adzakufunani inu ndithu, kudumpha anzanu onse. Manje madzulo mukamasula mfundo ya chitenje, mumawerenga chiyani? Maso amene anaona nthochi? Iyayi. Mumawerenga ndalama.

Facebook nayo ili chimodzimodzi. Nambala imene amaitcha reach ndi anthu a m'basi aja amene angoona. Like ndi kumwetulira. Comment ndi uja wofunsa mtengo. Share ndi uja wogwedeza mnzake kuti "taona nthochi izo". Zonsezi si zoipa, chifukwa amene sanaone sangagule. Koma palibe pa izi chimene chili malonda. Vuto lathu ndi lakuti pa thebulo ndife ochenjera, koma tikagwira foni timasanduka ana, kuwerenga omwetulira ngati ogula.

Wina anena kuti, "Koma gulu lathu si bizinesi, sitigulitsa kanthu." Zoona. Ndiye chifukwa chake ntchito yoyamba si ya pa foni. Ntchito yoyamba ndi kukhala pansi ngati komiti ndi kuyankha: gulu lathu linapangidwira chiyani? Ngati ndi la maliro, chipatso chake ndi chakuti uthenga ufike msanga kwa membala aliyense, msonkho ukwane, bokosi ndi motoka zipezeke namfedwa asanapite kukatenga kaloba. Ngati ndi la village banking, chipatso ndi chakuti anthu abwere pa tsiku losunga, ngongole zibwezedwe pa nthawi, ndipo pogawana pasakhale kulira. Ngati ndi losamalira ana amasiye, chipatso ndi mwana amene ali m'kalasi ndi yunifomu ndi mabuku. Ngati ndi la ukhondo wa pa msika, chipatso ndi manja amene agwira tsache pa tsiku loyeretsa, ndi chimbudzi chimene chili ndi madzi. Mukumbukira kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene ku Lusaka odwala anagonekedwa mu Heroes Stadium ndipo masukulu anachedwa kutsegula. Kolera siiopa ma like. Iopa madzi oyera ndi sopo.

Mukalemba chipatso chanu pa pepala m'chiganizo chimodzi, mwapeza muyeso. Popanda zimenezo muli ngati munthu wogulitsa nyemba alibe meda: aliyense abwera ndi mbale yake ndi kukuuzani kuti yadzala.

Musaganize kuti ndife tokha osokonezeka ndi nkhaniyi. Mabungwe aakulu a kunja anapunthwa pa mwala womwewu. M'chaka cha 2012, bungwe la ku America lotchedwa Invisible Children linatulutsa kanema wonena za Joseph Kony, mtsogoleri wa zigawenga wa ku Uganda, kuti dziko lonse limudziwe ndipo agwidwe. Pasanathe sabata, kanemayo anaonedwa maulendo oposa 100 miliyoni. Ku mbali ya kutchuka, anapambana kwambiri. Koma papita zaka zoposa 10 munthuyo osagwidwa. M'chaka cha 2013, a UNICEF a ku Sweden anachita kulengeza poyera kuti like sagula katemera wa poliyo olo wa mwana mmodzi, ndipo anapempha anthu kuti ngati afunadi kuthandiza apereke ndalama. Koma pali ena amene zinawayendera. M'chaka cha 2014 kunabuka masewera aja odzithira ndowa ya madzi ozizira pamutu, otchedwa Ice Bucket Challenge, ndipo bungwe la ALS Association ku America linalandira madola 115 miliyoni othandizira kufufuza matenda opha mitsempha. Kusiyana kunali pati? Iwo sanapemphe anthu kungoona. Anati chita ichi, pereka apa, itana anzako. Ndipo kumapeto kunali chinthu chowerengeka m'buku la msungichuma.

Tibwere kwathu kuno. Ambiri mudziwa a COMACO, amene amagwira ntchito ndi alimi a m'chigwa cha Luangwa, kugula nshawa, mpunga ndi uchi, ndi kugulitsa katundu wolembedwa It's Wild! m'mashopu. Cholinga chawo ndi chakuti mlimi apeze ndalama m'munda, aleke kupha nyama za m'thengo. Pofotokoza ntchito yawo, amatchula mfuti ndi misampha ya waya imene anthu apereka, ndiponso alimi amene alowa m'magulu. Zimenezo ndi zinthu zogwirika ndi manja. Ndipo onani kuti pofuna kuphunzitsa mlimi amagwiritsanso ntchito wailesi, pulogalamu ija ya Farm Talk, chifukwa adziwa kumene makutu a mlimi ali. Phunziro ndi limenelo: yeza chimene unabwerera, ndipo pita kumene anthu ako ali.

Manje ndiulule cholakwa changa, kuti musaganize kuti ndabwera kudzaloza ena chala. Membala wathu wina anataya amuna ake usiku. Ine m'mamawa ndinalemba uthenga pa page ndi pa group. Pofika masana, pansi pa post panadzaza mawu a chipepeso, ena ochokera ku Lusaka, ena ku Copperbelt. Mtima wanga unakhala pansi kuti ntchito ndagwira. Koma mzere wonse wa azimayi ogulitsa nsomba youma ndi kapenta sunamve. Ambiri a iwo ali ndi timafoni tating'ono ta mabatani, ena foni yaikulu imakhala ndi abambo kunyumba, ena bundle inali itatha. Anamva tsiku loika maliro, thupi lili kale panjira ya kumanda. Namfedwa uja anaganiza kuti anzake a mzere umodzi, amene amadya nawo nsima pa mbale imodzi, am'taya. Panapita miyezi asakulankhulana bwino. Pa foni, post imeneyo inali yopambana kuposa zonse zimene ndinalembapo. Pa ntchito ya gulu, inalephera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye tiwerenga bwanji? Pali mbali ziwiri, monga pa malonda alionse: zimene zatuluka ndi zimene zalowa.

Poyamba zotuluka. Ambiri timati Facebook ndi yaulere. Si yaulere. Lembani bundle ya mwezi wonse. Lembani ndalama yochajitsa foni, makamaka nyengo ngati ya 2024 pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambiri. Lembani ya boost, ija timalipira kuti post ionekere kwa anthu ambiri. Lembani yokonzetsa foni ikagwa. Ndipo lembani nthawi. Mtsikana kapena mnyamata amene tam'patsa u admin, ola limene akuyankha mauthenga a gulu ndi ola limene sali kuitana makasitomala pa thebulo pake. Olo sitim'lipira, iye walipira.

Tiyerekeze chabe, manambala awa ndi ophunzirira, aliyense aikepo ake. Tinene kuti bundle ndi K150 pa mwezi, kuchaja K30, boost K120, kothokoza admin K200. Pamodzi ndi K500. Pa miyezi 3 ndi K1,500. Manje tinene kuti cholinga chinali kupeza mamembala atsopano, ndipo pa miyezi imeneyo anthu 6 analowa atamva pa page. Gawani: membala mmodzi watidyera K250. Tinenenso kuti a Chairlady anazungulira mizere ya msika masiku awiri ndi chimkuzamawu, mabatire ndi chakumwa zinadya K100, ndipo analowa anthu 10. Pamenepo membala mmodzi ndi K10. Mwaona? Pa ntchito yokoka mamembala a mumsika momwemo, miyendo ya a Chairlady yaposa foni kutali.

Koma musathamangire kutseka page. Tiyerekezenso kuti pa miyezi yomweyo panagwa maliro awiri, ndipo abale a ku Lusaka, ku Chipata ndi ku Kitwe, ataona pa page, anatumiza K3,000 pa mobile money. Ndalama imeneyo chimkuzamawu sichikanaipeza, chifukwa mawu ake safika olo pa Luangwa Bridge. Pamenepo K1,500 ija yabweza kawiri. Ndiye yankho si lakuti Facebook ndi yabwino kapena yoipa. Yankho ndi lakuti khasu ndi la kumunda, mpeni ndi wa kukhitchini. Kuwerenga kumatiuza kuti chida ichi chigwira ntchito iti.

Funso lotsatira: tidziwa bwanji kuti munthu wabwera chifukwa cha page? Njira yake ndi yotchipa kuposa zonse. M'funseni. Aliyense wobwera pa msonkhano, wodzalembetsa, wopereka thandizo, mlembi afunse mawu atatu: "Munamva kwa ndani?" Gulani buku la hardcover limodzi, lembani mizere. Mzere woyamba deti. Wachiwiri uthenga umene tinatulutsa. Wachitatu njira: Facebook, WhatsApp, SMS, wailesi, chilengezo cha kutchalitchi kapena ku mzikiti, kapena pakamwa. Wachinayi ndalama imene yapita. Wachisanu chimene chachitika: anthu angati abwera, ndalama zingati zalowa, ndipo papita maola angati uthenga usanafike kwa womaliza. Pofunsa, ikani timizere monga muchitira powerenga matumba otsika m'lole. Sizifuna kompyuta. Zifuna bolopeni ndi kusatopa.

Chenjerani chinthu chimodzi. Munthu angayankhe kuti "ndinamva kwa mwana wanga", pamene mwanayo anaona pa WhatsApp. Funsani kachiwiri kuti "nanga mwanayo anamva kuti?" Nthawi zambiri kuno kwathu uthenga umayenda miyendo iwiri: foni imaufikitsa pakhomo, pakamwa n'kuulowetsa m'nyumba. Musaimane foni mbali yake, ndipo musaipatse mbali ya ena.

Njira ina ndi kuyesa, monga muyesera katundu watsopano. Simuoda masaka 10 a chinthu chimene simunagulitsepo, mumayamba ndi limodzi. Mwezi uno lengezani tsiku loyeretsa pa WhatsApp chabe, muwerenge obwera. Mwezi wamawa lengezani pa WhatsApp ndi pa wailesi. Kuno ku Petauke tili ndi PASME ndi Explorers, ku Nyimba kuli Valley FM, ndipo Breeze FM ya ku Chipata anthu ambiri kum'mawa kuno aidziwa. Pitani mukafunse mtengo wa chilengezo, muuike m'buku, muyerekeze. Koma posiyanitsa muzikumbukira nyengo. Mwezi wa mvula anthu ali kuminda, mwezi wokolola ndalama ili m'manja, kumapeto kwa mwezi msika umadzaza. Musayerekeze January ndi June n'kunena kuti foni ndiyo yachita.

Pa za ndalama zolowa, gulu likhale ndi nambala yakeyake ya mobile money, kaya ya Airtel, ya MTN kapena ya Zamtel, osati nambala ya munthu imene alandirirapo za malonda ake. Mukasakaniza, simudzadziwa kuti iyi ndi ya maliro, iyi ndi ya tomato, ndipo mawa mudzanamizira msungichuma kuba pamene vuto ndi kusalemba. Pa pempho lililonse muuze anthu tsiku loyamba ndi lomaliza, kuti mauthenga a ndalama zolowa m'masiku amenewo mugwirizanitse ndi pempholo.

Inu achinyamata amene mugwira ma page, m'kati mwa Facebook muli malo otchedwa Insights. Musangotiwerengera nambala yaikulu ija ya pamwamba. Tsikani pansi pamene aonetsa matauni amene otitsatira akhala, zaka zawo, ndiponso ngati ndi amuna kapena akazi. Mukapeza kuti ambiri ali ku Lusaka, ndiye kuti page yathu ilankhula ndi abale a kutauni, osati ndi mayi wa pa mzere wa ndiwo zamasamba. Zimenezo si tsoka, koma zisinthe zimene tilembapo. Kwa a kutauni tiziika mapempho ndi malipoti a mmene ndalama yagwirira ntchito. Za msonkhano wa mawa zipite pa SMS ndi pakamwa.

Pa boost ndiikepo chenjezo. Ine ndinalipirapo, osasankha bwino dera. Ma like anabwera ngati ngumbi, koma nditayang'ana maina, ambiri anali a anthu a maiko akutali amene sadziwa olo kumene Petauke ili. Ndalama ya gulu inagula kumwetulira kwa alendo. Ngati mulipira boost, sankhani dera lenileni, ikani malire a ndalama, ndipo mudziwiretu chimene mufuna anthuwo achite.

Pali phindu lina limene silibwera ngati kwacha, koma nalo lingalembedwe. Loyamba ndi chikhulupiriro. Gulu limene limaika pa group chithunzi cha lisiti ndi chiwerengero cha mwezi, mamembala ake sachedwa kupereka. Muyeso wake ndi wosavuta: angati apereka pa nthawi mwezi uno, angati anapereka tisanayambe kuonetsa malisiti. Lachiwiri ndi uthenga wa mitengo. Mnzanu ali ku Soweto Market ku Lusaka akakuuzani m'mamawa kuti nthochi kapena nshawa zadzaza ndipo mtengo wagwa, mwapulumutsa ndalama ya transipoti. Lembani kuti ulendo umodzi wapulumuka. Lachitatu ndi madandaulo. Mukaika chithunzi cha mulu wa zinyalala kapena mpopi wouma, lembani tsiku limene mwaika, tsiku limene mwapereka kalata ku khonsolo, ndi tsiku limene akonza. Pakapita chaka mudzaona nokha ngati chimagwedeza maofesi ndi post, kalata, kapena zonse pamodzi. Ma comment 200 a ukali pamene mpopi ukali wouma si chipambano.

Tiwerengenso zoonongeka, chifukwa wamalonda woona amalemba ndi tomato woola. Kodi ndi mamembala angati anatuluka m'gulu chifukwa cha kunyozana pa group? Kodi ndi angati anaberedwa ndi akathyali amene anatenga uthenga wathu wa maliro n'kuikapo nambala yawo? Ndipo za zithunzi: ndi zoona kuti chithunzi cha mwana wamasiye wong'ambika malaya chimakoka ma like ambiri. Koma mwanayo mawa apita kusukulu, anzake aona. Mayi amene tam'jambula akulandira thumba la ufa ali ndi apongozi. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act ya 2021, komanso malamulo a milandu ya pa intaneti. Koma olo lamulo likanakhala palibe, ulemu tili nawo. Pemphani chilolezo, ndipo wokana musam'mane thandizo. Maina a ongongola osabweza asaikidwe pa page. Zimenezo ndi za m'komiti.

Chinanso, page si munda wathu, tikulima pobwereka. Facebook ndi WhatsApp ndi za kampani imodzi, Meta, ya ku America. M'chaka cha 2018 anasintha kachitidwe kawo kuti anthu aziona kwambiri za abale ndi anzawo kuposa za ma page, ndipo sanafunse aliyense wa ife. Ndiye chifukwa chake mungakhale ndi otsatira ambiri koma post n'kuonedwa ndi ochepa. Pa 4 October 2021, Facebook ndi WhatsApp zinazima dziko lonse lapansi pafupifupi maola 6. Kuno kwathu, pa 12 August 2021, tsiku la masankho, zinthu zomwezi zinatsekedwa. Pa masiku otere, gulu limene mamembala ake ali m'foni chabe limakhala ngati lafa. Ndiye chuma chenicheni si otitsatira. Chuma ndi buku lokhala ndi dzina la membala aliyense, nambala yake, mzere umene agulitsira, ndi munthu amene angam'fikire pakamwa. Buku limenelo likhale pawiri, lina kwa mlembi, lina kwa a Chair.

Buku lowerengera lija lidzakuthandizaninso pena. Mudziwa kuti m'chaka cha 2022 ndalama ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mbali ina ndi ya ma grant ndi ngongole za magulu ndi makopaletivu, kudzera ku Ward Development Committee. Kaya mupempha kumeneko, kaya ku bungwe lina lothandiza, mafunso amakhala omwewo: kodi munalembetsa, mamembala ndi angati, maminitsi ali kuti, ndalama munagwiritsa ntchito bwanji. Gulu lonena kuti "tili ndi otitsatira ambiri" ndi gulu lotsegula buku n'kuonetsa ana amene lawalipirira ndi maliro amene lathandiza, mwa awiriwa mudziwa amene amvedwa.

Ndinene mawu awiri m'malo mwa ana athu ma admin, chifukwa ndaona ena ayamba kuwayang'ana ndi diso lofiira. Si iwo analakwa. Ife akuluakulu tinawapatsa foni n'kunena kuti "tiike pa Facebook", osawauza chimene tifuna. Mwana ukam'tuma kumsika osamuuza chogula, usadabwe akabwera ndi maswiti. Tiwauze cholinga, tiwapatse buku, ndipo pa msonkhano uliwonse tiwapatse mphindi zisanu afotokoze. Ndipo inu ana athu, musaope kubweretsa nambala yoipa. Ripoti lonena kuti "izi sizinagwire" limapulumutsa ndalama ya gulu kuposa ripoti lokometsera. Password isakhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Ma admin akhale awiri kapena atatu, kuti wina akasamuka kapena akakwiya, page isapite naye.

Manje pempho langa kwa makomiti onse, a ku Petauke ndi a ku Nyimba, ndi ili. Tisakangane lero kuti titseke kapena tipitirize, chifukwa tonse tilankhula zam'mutu. Tidzipatse miyezi 3. Sabata ino komiti iliyonse ilembe cholinga chimodzi kapena ziwiri, osapitirira. Igule buku. Isankhe munthu wofunsa kuti "munamva kwa ndani?" Pa mzere uliwonse wa msika, wa nsomba, wa salaula, wa ndiwo, wa makala, pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kufikitsa pakamwa uthenga uliwonse wotuluka pa foni, makamaka wa maliro ndi wa matenda. Ikatha miyezi 3 tidzakumane, aliyense ndi buku lake. Njira imene yabweza, tidzaionjezera. Imene yadya chabe, tidzaichepetsa popanda kukwiyirana. Ndipo tigwirizane lero lomwe kuti ndalama ya maliro isagwidwe kugulira bundle kapena boost. Za foni zikhale ndi thumba lakelake, lodziwika kwa onse.

Agogo aja a nshawa ali pano, akhala kutsogolo uku. Amama, yankho lanu ndi ili: iyayi, kalipentala salandira ma like. Koma ngati page ifikitsa uthenga kwa mwana wanu ali ku Lusaka n'kutumiza ya bokosi tsiku lomwelo, ndiye yagwira ntchito, ndipo tidzakuonetsani m'buku, tsiku ndi ndalama yake. Ngati sitidzakuonetsani, mudzakwezenso dzanja, ndipo nthawi imeneyo pasadzapezeke woseka.

A Chair, nthawi ndadya yambiri, ndipo anzathu a ku Nyimba afunika kupeza motoka dzuwa lisanalowe. Amene ali ndi mafunso pa kalembedwe ka buku, ndili pakhomo apo tikatha, ndabwera ndi langa kuti muone.